Phazi la Amalume pa Mpando wa Kampani

Ku depoti ya gasi ku Limbe ngozi zinali za mitundu itatu. Ndinauzidwa zimenezi tsiku loyamba, ndisanakhudze ndi silinda imodzi yomwe. Yoyamba ndi ngozi imene ikanachitika koma sinachitike, monga silinda kugwa pafupi ndi munthu. Yachiwiri ndi yoti munthu wavulala, am'manga bandeji, n'kubwerera pa ntchito yake. Yachitatu ndi imene yam'goneka munthu kunyumba kapena kuchipatala mpaka kujomba mawa lake. Anatifotokozera ndi mkulu woona za chitetezo cha antchito, amene tonse tinkawatchula kuti a Sefite. Ziwiri zoyambazo anazinena akumwetulira. Atafika pa yachitatu anatsitsa mawu ngati akutchula dzina la apongozi awo.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangochotsedwa ku koleji. Ndinalephera mayeso kawiri, basi. Panalibe mfiti, panalibe mphunzitsi wondida. Mayi anga kumudzi anatumiza mawu oti ndisafulumire kubwerera, anthu akadali kufunsa za ine, choncho ndinakakhala ku Nancholi kwa amalume, achimwene awo a mayi angawo. Iwo anakalambira pa depotipo, akudzaza gasi m'masilinda. Ndiwo anandipezera ganyu yokweza ndi kutsitsa masilinda m'malole. Zinali zaka zimene magetsi ankazima kuposa kuyaka, ndipo gasi ankayenda malonda. Anzanga a pa ganyu atamva kumene ndinachokera anandipatsa dzina loti a Digiri.

Eni ake a kampaniyo anali kunja, sitinawaonepo. Chimene ankafuna kwa ife chaka chilichonse ndi lipoti: antchito alipo angati, mwa iwo akazi ndi angati, avulala angati, gasi wothawira mumlengalenga ndi wochuluka bwanji, madzi otuluka m'ngalande ndi oyera motani. Sindinalione lipotilo. Ndinangoona mmene ankaliphikira.

Ife a ganyu sitinali anthu a kampani. Tinali a kapitawo wina amene ankatisankha pageti m'mawa uliwonse ndi chala, ngati akusankha tomato pamsika wa Limbe. Powerenga antchito, ife kunalibe. Koma maola athu ankawafuna. A Sefite ankatenga ngozi za mtundu wachitatu n'kuzigawa ndi maola onse ogwiridwa pa depotipo, ndipo maola akachuluka yankho limachepa. Masamu amenewo ngakhale wolephera koleji amawadziwa. Waganyu akavulala, kapitawo sankamuloza m'mawa mwake, ndipo munthu amene sanalozedwe sanajombe. Za ngalande nazo zinali chimodzimodzi. Mawa lake kukamabwera bambo wa timabotolo toyezera madzi, ankatipatsa matsache ndi payipi, n'kukwecha ngalandeyo mpaka simenti kuwala. Bamboyo ankatunga kumtunda, pafupi ndi mpopi. Kuseri kwa mpanda, kumene amayi a m'dera lija ankachapira, kunalibe womiza botolo.

Pageti panali chikwangwani chosonyeza masiku amene tatha popanda ngozi yachitatuyo. Mlonda ankasintha nambala m'mawa uliwonse. Chaka chikatha nambalayo isanabwerere pa ziro, kampani inkapha ng'ombe, ndipo wantchito aliyense wolembedwa ankanyamula thumba la mpunga ndi chigubu cha mafuta ophikira. Chaka chimenecho nambala inali isanagwe, ndipo tinali m'mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anali atayamba kale kukangana za amene adzatenge mutu wa ng'ombeyo.

Amalume anavulala masana ena, ine ndili kutsidya lina la bwalo. Tcheni cha kumbuyo kwa lole chinaduka, ndipo silinda yaikulu, ya mtundu umene amagula a mahotela, inatsetsereka n'kuwagwera pa phazi lamanzere. Anali atavala nsapato za kampani za chitsulo kutsogolo, koma chitsulocho chinapindikira m'kati n'kuwadula pamwamba pa zala. Sanakuwe. Anangokhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene wakumbukira kanthu.

A Sefite anabwera chothamanga ndi bokosi lawo. Ndinene zoona, manja awo anali achangu. Anang'amba nsapato, anatsuka bala, anamanga.

"Fupa silinathyoke, bambo. Mulungu ndi wabwino," anatero.

"Mwadziwa bwanji kuti silinathyoke?" ndinafunsa ine.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe ndi dokotala?"

"Nanga inuyo?"

"Khala chete iwe," anatero amalume, mano atawaluma. "Tanditengera chipewa changacho."

Anawatengera ku kachipatala kena kolipira komweko ku Limbe, kamene kampani inkatumizako anthu ake. Kumeneko anawasoka, anawapatsa mapiritsi, koma kalata yoti apume sanawapatse, ndipo phazilo sanalijambule. Madzulo galimoto ya kampani inatitula ku Nancholi. M'mawa mwake, anti, akazi awo a amalume, akuwiritsa madzi a tiyi, tinamva hutala kumtunda kumsewu. Galimoto ija inali itabweranso.

Anthu oyandikana nafe anatuluka kudzaona. Amalume anavala ovolosi yawo yochapa, phazi lili m'bandeji ndi m'jumbo ya pulasitiki, n'kukwera chitunda atatsamira phewa langa, akupatsa moni aliyense ngati phungu.

"Waona?" anandiuza titakhala m'galimoto. "Iwe umati kampani ilibe mtima."

Kampani yomweyo, mvula ikamagwa, malole ake opanda katundu ankatipitirira tikuyenda wapansi. Ndinkadzifunsa kuti mtima umenewu wamera usiku umodzi ngati bowa bwanji.

Woyendetsa galimotoyo anali bambo wachikulire wachisilamu, wa kofiya yoyera ndi ndevu za imvi, amene anayendetsa malole a gasi kwa zaka zambiri asanam'patse kagalimoto ka ofesi. Sankalankhula kwambiri. Ndinkamuyang'ana ndi diso limodzi, chifukwa tikangofika ankapita kukagogoda kwa a Sefite. Ndinkati ameneyu ndiye khutu lawo.

Ku depoti tinapeza atakonza kale malo. Pansi pa khonde la ofesi ya a Sefite panali mpando wa pulasitiki, ndi kreti ya zakumwa yoikapo phazi. Amalume anapatsidwa beseni lodzaza timphira tating'ono totsekera pakamwa pa silinda, kuti azisankha tabwino ndi towonongeka. A Sefite anati imeneyi ndi ntchito yopepuka, ndipo malamulo amailola. Apo ndiye ndinamvetsa. Munthu amene wafika pa depoti n'kugwira beseni sanajombe. Ngozi ya amalume inali ya mtundu wachiwiri, ndipo inayenera kukhalabe yachiwiri bola galimoto izibwera ku Nancholi.

Beseni lija linkatha masana, mawa lake n'kubwera lodzazanso. Tsiku lina ndinaonamo kamphira kena kothimbirira penti yobiriwira. Mawa lake kanalimonso. Mkuja lake kanalimonso. Wina ankangosakaniza milu iwiri ija tikaweruka.

"Ankolo, timphira timeneti ndi tomwe tija," ndinawauza.

"Ndiye?"

"Ndiye akukuseweretsani."

"Akundilipira tsiku lathunthu ndili chikhalire. Iwe akukulipira theka ukusenza zitsulo. Akuseweretsedwa ndani?"

Anzawo ankabwera pa nthawi ya nkhomaliro, wina ndi mandasi, wina ndi chimanga chowotcha. Ankawakonda amalume, zimenezo sindikana. Koma ndinkamvetsera bwino mawu awo.

"Madala, limbani. Ng'ombe ija akuti aigula kale, ili ku Chikwawa ikudya msipu."

"Phazi limeneli musalione ngati lanu lokha, ndi la tonse. Tizisinthana kulisisita."

"Mukangogona kunyumba, akazi anga akubwera okha kudzakunyamulani. Mpunga auwerengera kale wa Khirisimasi."

Ankaseka, amalume n'kumaseka nawo. Wina ananditembenukira. "A Digiri, bwanji nkhope ngati mwamwa mankhwala a malungo? Musadandaule, a ganyu timakusiyirani ziboda."

"Ziboda zake ziti?" ndinatero. "Za ng'ombe kapena za ankolo?"

Kuseka kunatha. Amalume anandituma madzi akumwa.

Sabata yoyamba itatha phazi linali litatupa mpaka m'kakolo. Madzulo aliwonse anti ankalimasula n'kulithowa ndi madzi ofunda a mchere pakhonde. Poyamba ankacheza uku akuthowa. Kenako anasiya kucheza. Khungu la pa zala ziwiri za pakati linayamba kuda, ndipo panabwera fungo limene sindingalifanizire ndi china chilichonse. Anti anayamba kufukiza makoko a malalanje pa mbaula kuti ana asadandaule. Mapiritsi a ku kachipatala kaja atatha, a Sefite anakatenga ena okhaokha, osamutenga mwini phazi.

"Tiyeni kuchipatala chachikulu," ndinawauza amalume. "Mawa."

"Akandigoneka."

"Akugonekeni kumene. Ndi chifukwa chake kuli mabedi."

"Ukulankhula ngati mwana. Akandigoneka, nambala ija ikugwa. Anthu onse aja adzati ndani wawadyera Khirisimasi? Ndikhala nawo bwanji? Iwe unabwera dzulo, mawa uchoka. Ine maliro anga adzanyamula ndi amenewo."

"Mukafulumira kuwapatsa ntchitoyo."

"Iwe!" anakuwa anti. "Ndi mawu olankhula kwa amalume ako amenewo?"

Amalume anakweza dzanja kuti awaleke. Kenako anandiuza za mnzawo wina amene anagwetsapo nambala zaka za m'mbuyomo, atathyoka dzanja. Palibe anam'kalipira. Anangoti chaka chitatha ntchito yake inapezeka kuti siikufunikanso. Amalume anali atatsala pang'ono kupuma, ndipo sankafuna kuchoka ngati ameneyo.

"Zimenezo anakuuzani a Sefite?"

"Sananene kanthu. Zoterezi sanena."

Mawa lake ndinalowa mu ofesi ya a Sefite osagogoda. Anali pa kompyuta, fani ikuwapemerera. Ndinawauza kuti phazi likuwola, ndipo ngati mphuno zawo zikugwira ntchito akudziwa kale, poti mpando uli pansi pa zenera lawo.

Sanakwiye, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri. Anandiuza kuti ndikhale pansi.

"Achimwene, ine sindinakakamize munthu. Galimoto imapita, bambo aja amakwera okha. Atanena lero kuti akufuna kuchipatala, ndiwaletsa ine?"

"Mukudziwa kuti sanganene."

"Lamulo la kawerengedwe sindinalembe ine. Linachokera kunja. Limati wajomba kapena sanajombe. Silifunsa za fungo." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Ukuganiza kuti ine sandiyeza? Nambala imeneyo ikagwa, foni yoyamba ikulira ndi yanga. Nanenso ndili ndi ana kusukulu."

Kenako anasintha mawu. Anati amva kuti ndinafika ku koleji, ndipo Januwale kudzafunika kalaliki wothandiza kusonkhanitsa ziwerengero za lipoti. Ntchito yolembedwa, ya pa mpando, ya yunifolomu. Anati munthu wa maso ngati anga ndi amene akufunika.

Ndinanyamuka n'kutuluka. Mpaka lero sindidziwa ngati ntchitoyo inalipodi. Chimene ndikudziwa n'chakuti anaikumbukira tsiku limene ndinatchula za fungo.

Sabata yomweyo kunabwera mayi wina wochokera ku kampani yotsimikizira malipoti, kudzaona ngati zolembedwa zikugwirizana ndi zochitika. Ndinakonzeka kuti ndikaime kutsogolo kwake. M'mawa wa tsikulo kapitawo anandiloza woyamba, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kundikweza lole yopita kukatula masilinda ku Chirimba. Tinabwerako dzuwa litapendeka, mayiyo atapita. Ndinamva kuti amalume tsiku limenelo anawalowetsa m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa tebulo lalitali, ndipo mayiyo atawapatsa moni anayankha kuti ali bwino, kaya iwo.

Lachisanu amalume anadzuka akunjenjemera, thupi likutentha ngati mbaula. Tiyi anakana. Mzere wofiira unali utakwera kuchoka m'kakolo kulunjika ku bondo. Komabe anavala ovolosi, mabatani n'kuwamanga mopingasa. Hutala italira anayesa kuimirira, n'kugwera pa mpando.

"Bambo, lero musapite," anatero anti.

"Mawa ndi Loweruka, ndipuma. Lero lokha."

Ndinawabereka kumsana kukwera chitunda chija. Anthu oyandikana nafe sanatulukenso kudzaonerera. Adalaiva anatsika n'kutsekula chitseko chakumbuyo, ndipo titanyamuka anatsitsa magalasi onse.

Njira yathu inkadzera ku Chitawira. Pamenepo pali mphambano, ndipo ukakhota, chipatala chachikulu sichili patali. Tikuyandikira ndinati, "Bambo, khoterani kuchipatala."

"Pitani ku Limbe," anatero amalume, maso ali chitsinzire.

"Khotani, bambo!"

"Galimotoyi ndi ya kampani, si ya mwana uyu. Ku Limbe."

Adalaiva anatiyang'ana pa kagalasi. "A Digiri, galimoto ino ili ndi kachipangizo pansi apa. Kulikonse ndakhota, kuofesi akuona pa kompyuta. Ndikathamanga akuona, ndikaponda buleki mwamphamvu akuona. Nanenso ndili ndi nambala yanga."

"Ndinadziwa," ndinatero. "Nonse ndinu amodzi."

Anapitirira mphambano ija pang'ono, n'kupatukira m'mbali mwa msewu pafupi ndi pamene pamaima anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Anazimitsa injini, anatsika, anatsekula boneti, n'kuima akuyang'ana m'katimo manja ali m'chiuno. Kenako anabwera pa zenera.

"Yatentha," anatero.

"Yatentha chiyani, tangonyamuka kumene?" anafunsa amalume.

"Achimwene, ine ndayendetsa galimoto ndevu zisanamere. Ndikati yatentha, yatentha. Iyenera kupuma mpaka izizire, ndipo sindikudziwa kuti izizira liti." Anayang'ana ine. "Ine ndinatumidwa kunyamula wantchito. Kunyamula maliro ndi ntchito ina, ndipo lero Lachisanu, ndikufuna ndikapemphere ndi mtima woyera. Amene atsike pano, kumene apite si nkhani yanga. Ine ndikuyang'ana injini."

Anabwerera ku boneti kuja n'kutipatsa msana.

Ndinaitana wa kabaza. Amalume anagwira mpando wakutsogolo ndi manja onse awiri. Ndinawamasula chala chimodzichimodzi. Anali munthu wamphamvu, wosenza zitsulo moyo wake wonse, koma tsiku limenelo anali ngati thumba la madeya. Ndinawakweza pa njinga, ine n'kukhala kumbuyo kwawo, phazi lawo ndalinyamula m'mwamba ndi dzanja limodzi.

"Mwana wopanda mwambo iwe," ankatero njira yonse. "Sukulu inakukana, tsopano ukufuna ntchito indikane ine. Nditsitse! Aise, imitsa njingayi!"

"Biggy, ndiime?" anafunsa wa kabaza.

"Ukaima sindikulipira. Thamanga."

Anandimenya chigongono m'nthiti kawiri. Kachitatu analibenso mphamvu.

Kuchipatala tinadikira pa benchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Namwino atamasula bandeji anabwerera m'mbuyo n'kuitana mnzake.

"Bambo, masiku onsewa munali kuti?"

"Kuntchito," anayankha amalume.

"Kuntchito? Ndi phazi ili? Mumagwira ntchito yanji?"

Amalume anayang'ana kumbali. Ine ndinati, "Amasankha timphira."

Atalijambula anapeza kuti mafupa awiri anali ophwanyika kuyambira tsiku loyamba. Dokotala, mtsikana wosaposa ine kwenikweni, ananena mosazungulira. Zala ziwiri zafa, azichotsa pamodzi ndi kachigawo ka phazi. Ngati mankhwala agwira, zithera pomwepo. Tikanadikira mpaka Lolemba, akanakamba za bondo. Amalume anafunsa funso limodzi lokha, ngati angathe kutuluka Lamlungu madzulo. Dokotalayo anaganiza kuti akuseka.

Anawachita opaleshoni tsiku lomwelo. Mankhwala anagwira. Mzere wofiira uja unabwerera pansi pang'onopang'ono.

Lolemba ndinapita pageti la depoti. Chala cha kapitawo chinadumpha pa ine ngati pali dzenje. Lachiwiri chimodzimodzi. Sindinapitenso. Ndinakhala wodikirira odwala, kusinthana ndi anti.

A Sefite anabwera pa nthawi yoona odwala, atanyamula buledi, malalanje ndi botolo la zakumwa. Anagwira dzanja la amalume ndi manja awiri, ndipo nkhope yawo inaoneka yachisoni ndithu. Mwina chinali chisoni chenicheni. Ine ndinaima kumutu kwa bedi kudikira chimene abwerera. Ali pomwepo namwino anabwera kudzabaya amalume pa chala, n'kunena kuti shuga wakwerako pang'ono, zimachitika thupi likamalimbana ndi bala, adzayezenso akachira.

"Shuga?" anatero a Sefite. Anakhala tsonga. "Bambo, muli ndi shuga?"

"Sanatero," ndinayankha ine. "Ati adzayezenso."

"Ayi, ndamva. Komatu zikumveka tsopano. Munthu wa shuga bala silipola." Anasendeza mpando pafupi ndi bedi n'kuyamba kufotokoza mofatsa, ngati mlaliki wa pamaliro. Ngozi ija inachitika, palibe akukana, ndipo inalembedwa. Anathandizidwa, n'kugwira ntchito masabata awiri athunthu, aliyense anaona. Chimene chawagoneka m'chipatala tsopano ndi matenda. Matenda ali ndi malo akeake mu lipoti, sakhudzana ndi ngozi. Apuma pa tchuthi cha odwala, malipiro osadulidwa, ndipo akachira ntchito yopepuka ikuwadikira mpaka adzapume mwaulemu. Koma akati ndi ngozi, pabwera kafukufuku wochokera kunja, ndipo afunsa kuti munthu wodziwa ntchito ankatani kumbuyo kwa lole pamene akutsitsa.

"Ankagwira ntchito yanu," ndinatero. "Funsani za tcheni. Funsani amene ananena kuti fupa silinathyoke."

Odwala a mabedi oyandikana anatembenuka. A Sefite sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana amalume.

"Ankolo, musavomere. Zala zanu zadulidwa ndi silinda, osati tiyi. Pali chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, mukavomera zimenezi mwachitaya."

Amalume anayang'ana chimulu cha bandeji kumapeto kwa bedi.

"Mphwanga," anatero, "tapita ukatsuke makapuwo."

Ndinapita. Pobwera ndinapeza a Sefite atachoka, amalume akusenda lalanje.

Atatuluka m'chipatala sanandilankhule kwa masiku angapo, kupatula kundituma. Sanandithamangitse, sanandithokoze. Anayezetsanso shuga uja kapena ayi, sanandiuze, ndipo nditafunsa anti anati ndisiye kufukula zinthu.

Lamlungu lina masana kunabwera anthu a kumpingo kwawo kudzawazonda, azibambo awiri ndi amayi angapo. Anadzaza pabalaza. Anti anapanga tiyi, ine ndikugawa makapu. Atapemphera, mkulu wampingo anafunsa kuti kwenikweni chinachitika n'chiyani, poti anamva zosiyanasiyana.

"Shuga, akulu a mpingo," anatero amalume. "Amabwera mwakachetechete. Kabala kakang'ono kakuntchito, basi mpaka zala."

Onse anapukusa mitu. Mayi wina anati mlamu wake anayamba chonchi. Wina anatchula masamba owawa oti aziwiritsa. Mkulu wampingo uja anayang'ana kapu ya amalume, n'kuyang'ana mbale ya shuga imene inali patsogolo pawo, supuni ili m'kati.

"Ndiye izi zikutani apa? Mayi, mukufuna kutiphera munthu? Mnyamata, chotsa mbaleyo."

Amalume ankathira masupuni atatu moyo wawo wonse. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Ndinanyamula mbaleyo n'kupita nayo kwa alendo, ndipo amalume anamwa tiyi wawo wopanda kanthu, akumeza ngati mankhwala, alendo akuwayamikira kulimba mtima.

Alendo atanyamuka anakana ndodo. Anawaperekeza mpaka pa mpanda, akuponda ndi chidendene, pang'onopang'ono, mwendo wonse uli wawo. Pobwerera anaima pakhomo kupuma, atagwira mphuthu ya chitseko, thukuta lili pamphumi.

"Waona zimene wandichita?" anatero. "Mpingo wonse wadziwa. Tsopano ngakhale pa ukwati sadzandipatsanso shuga."

Kenako anatambasula dzanja kuti ndiwagwire, poti pakhomopo panali sitepe.